Usagule Chifukwa cha Tinyali, Jafali

Mandimba, Lachinayi masana

Jafali mwana wanga,

Mtendere ukhale nawe, ngakhale iweyo sabata ino mtendere sunandipatse. Ndikulemba ndili pa tebulo la mu situdiyo, iwe uli kunja uko kotsanzikana ndi anzako chiyambire m'mawa, ngati ku Cuamba n'kumapeto kwa dziko. Tikugona pansi pa denga limodzi koma ndafika pokulembera kalata, chifukwa pakamwa ndalephera. Katatu ndayamba kukuuza za kompyuta imene ukufuna kukagula, ndipo katatu konse wandiyankha kuti wamva, timawaya tako tili m'makutu. Munthu womva sayankha msanga choncho. Mapepalawa ndiwaika m'chikwama chako pamwamba pa malaya, ukawawerenge mawa m'shapa, m'minibasi muja. Msewu ndi wautali, ndipo batire la foni yako ndimalidziwa, silifika n'komwe theka la ulendo.

Ukupita kwa amalume ako a Mustafa, amene akupatsa kachipinda ka pambali pa loja yawo, sitolo ija, kuti uyambe ntchito yako yokonza mavidiyo. Ndakondwa, ngakhale nkhope yanga sikuonetsa. Koma ndalama wasokerera m'thumbazo si zotola panjira. Ndi fodya wa zaka ziwiri amene unalima pamunda wa agogo ako ku Ngauma, nthawi ija unkabwera kuno manja ali bii ndi utomoni, msana utasupuka ndi dzuwa. Ndiye Lolemba unandionetsa chinthu chimene ukufuna kusinthanitsa ndi thukuta lonselo: bokosi lagalasi, m'kati mwake tinyali tofiira ndi tobiriwira tikuthwanima ngati baraka ya mowa. Ndinakufunsa kuti purosesa yake ndi iti, unati ndi yamphamvu. Ndinafunsa za pulaka, bolodi lake lalikulu, unati ndi yabwino, wakuuza ndi mnzako wa pa intaneti amene sunamuonepo nkhope. Kenaka unati zinthu zinasintha, kompyuta yanga ndi yoyenera ku muzeu, kosungirako zinthu zamakedzana. Bambo ako anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Aseke, koma m'nkhani ndikulembazi nawonso alimo.

Zaka khumi ndi zisanu ndakhala pa mpando uno kudula ndi kulumikiza maukwati amene bambo ako amajambula, a ku mzikiti ndi a ku tchalitchi omwe, kuyambira kuno mpaka ku Lúrio. Kusukulu ya zimenezi sindinapondeko. Zimene ndikudziwa ndinaziphunzira powononga katundu, ndipo sindikufuna kuti nawenso uphunzire momwemo. Mu kompyuta yonse, zinthu ziwiri ndi zimene zimakumanga manja. China ndi purosesa, imene imagwira ntchito yeniyeniyo. China ndi pulaka, bolodi lalikulu lija limene purosesa, memoriya ndi madisiko zimakhalapo. Disiko ukhoza kusintha mawa, khadi la zithunzi ukhoza kuwonjezera chaka chamawa, sikirini ukhoza kubwereka kwa amalume ako. Koma ziwirizi ukalakwitsa, ukhala nazo zaka ukung'ung'udza, kapena uyambanso kulima fodya.

Uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndinaganiza zomanga ndekha kompyuta yanga yoyamba. Purosesa ndinagula kwa bambo wina ku Chiponde, kutsidya kwa malire, pulaka ndinagula kwa wina ku Cuamba, aliyense ndinamusankha chifukwa chotchipa. Ndinafika nazo pakhomo ndikuyenda monyada, ndinayala chitenje choyera pa tebulo, ndinasamba m'manja. Kuika purosesa pamalo pake, osakhala. Kuitembenuza, osakhala. Bambo ako anabwera kudzaima kumbuyo kwanga, n'kunena kuti vuto langa ndi mantha, chinthu chatsopano chimathina ngati nsapato. Ndinawasiyira mpando, ndipo ichi ndi chimene sindidzikhululukira. Anakanikiza ndi chala chachikulu, tinamva kaphokoso ngati munthu waponda chikoko cha mtedza. Titachotsa, timano ta mu soketi, malo okhalapo purosesawo, tating'ono ngati ubweya tija, tinali titagona tonse mbali imodzi. Wa ku Cuamba anakana kulandira pulaka yake, anati anandipatsa ili yamoyo. Wa ku Chiponde anati purosesa yake ilibe mlandu, ine sindinamufunse kuti imalowa pati. Onse awiri ankanena zoona. Tinakhala miyezi opanda chogwirira ntchito, ndipo vidiyo ya ukwati umene tinajambula mwezi umenewo tinakaipereka mkwatibwi atayamba kale kusanza m'mawa.

Ndiye tamvera, Jafali. Makampani opanga mapurosesa amene ungapeze kumeneko ndi awiri, ndipo iliyonse ili ndi soketi yakeyake. Ngakhale kampani imodzi yomweyo imasintha soketi pakapita zaka, purosesa yake ya lero osalowa pa pulaka yake ya dzana. Dzina la soketi limalembedwa pa bokosi la purosesa ndi pa bokosi la pulaka. Zilembo ndi manambala zifanane ndendende, osati kuyandikana. Usandifunse kuti kampani yabwino ndi iti. Anyamata a pa intaneti amakangana za zimenezo ngati za mpira, koma ine ndagwiritsapo zonse ziwiri ndipo zonse zinatulutsa maukwati. Funso lanzeru n'lakuti soketi imeneyo ikadali ndi moyo kodi, kapena kampani inaitaya kale. Ikakhala kuti akupangirabe mapurosesa atsopano, pakapita zaka zitatu udzangosintha purosesa yokha. Ikakhala yotayidwa, tsiku lofuna mphamvu zambiri udzataya pulaka ndi memoriya yomwe. Yotayidwayo imatchipa, ndipo wogulitsa sangayambe yekha kukuuza chifukwa chake. Funsa soketi. Ndipo zonse ziwiri ugule kwa munthu mmodzi, aziike yekha ndi manja ake, ayatse iwe ukuona.

Ndikuti ayatse iwe ukuona chifukwa kufanana kwa soketi sikutha nkhani. Ulendo wina ndinagula zofanana bwinobwino, ndinawerenga mabokosi kawirikawiri, purosesa inakhala pamalo pake phee. Kuyatsa, mafani akuzungulira, sikirini ili bii. Ndinanyamula chibokosi chonsecho pamiyendo m'shapa mpaka ku Cuamba, pambali panga pali mayi wa nkhuku zitatu. Wogulitsa anati ndawononga ndekha. Ndinabwerera nacho kuno, ndinalira, sabata yotsatira ndinapitanso nacho. Ulendo wachiwiriwo amalume ako anandilondolera kwa Dona Lusinda, mayi wokonza makompyuta amene ali ndi kachipinda kufupi ndi siteshoni ya sitima. Anangoyang'ana mabokosi awiriwo n'kuseka. Anati pulaka yanga inapangidwa purosesayo isanabadwe, ndiye siikuidziwa, ikufunika kuikidwa BIOS yatsopano, kapulogalamu kamene kamakhala mu pulaka momwemo. Anabaya kafulashi kumbuyo, anadina kabatani, ndisanamalize kumwa madzi amene anandipatsa kompyuta inali itayaka. Maulendo anayi a fumbi chifukwa cha kabatani kamodzi. Iweyo usankhe pulaka yokhala ndi kabatani kameneko, ndipo ukafika ku Cuamba ukawapeze mayi amenewo, ukawalonjere mwaulemu, uwauze kuti ndiwe mwana wa Asiyatu wa ku Mandimba. Amadziwa kuposa anzako onse a pa foni kuwaphatikiza pamodzi.

Tsopano za mawu ako aja akuti yamphamvu. Inenso mawu amenewa anandipusitsapo. Mnyamata wina wa ku Nampula anandiimbira foni kuti ali ndi purosesa ya manukleyo khumi ndi anayi, pamodzi ndi pulaka yake, pamtengo wa mbuzi ziwiri. Manukleyo ukuwadziwa, ali ngati aganyu m'munda umodzi, akachuluka ndime imatha msanga. Ndinamva khumi ndi anayi mutu unazungulira. Zimene sananene n'zakuti purosesayo inachotsedwa m'makina akale a m'maofesi akunja, ndipo aganyu anga khumi ndi anayiwo anali nkhalamba zokhazokha. Nthawi imeneyo bambo ako anali atangogula kamera yojambula mavidiyo olemera a 4K, ndipo achibale a akwati anali atayamba kutitumizira tizidutswa tojambula pa mafoni atsopano kuti tiziphatikizamo. Nkhalamba zanga zinkalephera kumasula mavidiyo amenewo. Chithunzi chinkadumphadumpha moti sindinkatha kuona ngati mawu ndi milomo zikuyendera limodzi, ndinkangoganizira. Ukwati wa ku Massangulo ndinaupereka choncho. Patapita masiku amayi a mkwati anabwera pa njinga ya moto, anakhala pa benchi ilo, n'kundiuza mwaulemu wonse kuti kwaya ya kwawo imaimba bwino ndithu, koma mu vidiyo yanga ikungoyasamula ngati nsomba zapamtunda, nyimbo ikubwera pambuyo. Ndinaibwereza yonse ulele. Ndipo chimakinacho chinkadya magetsi ngati chigayo.

Choncho usawerenge manukleyo okha, funsa kuti purosesayo ndi ya m'badwo uti. Manukleyo asanu ndi atatu a lero amaposa khumi ndi anayi a makedzana. Komanso usathamangire yapamwamba penipeni, ija ya pa chithunzi cha kutsogolo kwa loja. Iwe ukukonza maukwati ndi madyerero a omaliza sukulu, yapakati yotsamira kumwamba ikukwanira. Zimene wapulumutsazo uike ku memoriya. Magiga makumi atatu ndi awiri, timitengo tiwiri tofanana, osati kamodzi kakakulu. Pulaka ikhale ndi mipata inayi ya memoriya kuti iwiri itsale ya mtsogolo. Ndipo memoriya ili ndi mitundu, DDR4 ndi DDR5, ina siilowa pa mpata wa inzake. Ikakana kulowa usakanikize. Magazi a bambo ako ali mwa iwe, n'chifukwa chake ndikubwereza: chinthu chikakana kulowa, usakanikize.

Pali kachilembo kamodzi kamene ndikufuna ukayang'ane. Mapurosesa ena kumapeto kwa dzina lawo kuli F. Amatchipako pang'ono, chifukwa m'kati mwawo mulibe kagawo kotulutsa zithunzi, amadalira khadi la zithunzi basi. Ine ndinagula yotero ndikuti khadi ndili nalo kale, ndilipiriranji zinthu ziwiri. Mvula yoyamba ya chaka chimenecho mphenzi inagwa kufupi ndi msika, khadi langa linafa. Kompyuta inkayaka ndithu, maukwati atatu ali m'kati, koma poonera panalibe, ngati nkhokwe yodzaza yopanda khomo. Khadi lina linachokera ku Nampula patatha masabata awiri, eni maukwati akubwera pakhomo m'mawa uliwonse kudzandipatsa moni amene sanali moni. Purosesa yokhala ndi kagawo kameneko ikanandilola kubaya sikirini pa pulaka n'kumapitiriza ntchito pang'onopang'ono. Ndiponso pa mapurosesa ambiri kagawo komweko ndi kamene kamathandiza kumasula mavidiyo a mafoni kuti asamadumphe. Ukaona F, bweza pa shelefu.

Tsopano ndikuuze nkhani imene sindinakuuzepo. Unali ku sekondale, ndipo ndinawapempha bambo ako kuti tisaitchule pakhomo pano. Nditatopa ndi nkhalamba zija ndinagula purosesa yabwino, yatsopano, yamphamvu zenizeni. Ndalama zinathera pamenepo, ndiye pulaka ndinatenga yotchipa kuposa zonse zimene zinali ndi soketi yake. Ndinkaganiza kuti pulaka ndi mphasa chabe, pongokhalira zinthu. Sindinkadziwa kuti mozungulira soketi muli tizipangizo timene timadyetsa purosesa magetsi, ndipo timatentha koopsa ntchito ikakula. Pa pulaka yabwino amatiphimba ndi zitsulo zolemera zochotsa kutentha. Pa yangayo tinali pamtunda, opanda kanthu. Inalinso ndi mpata umodzi wokha wa disiko lothamanga, kotero mapulogalamu ndi mavidiyo a anthu zonse zinkakhala pa disiko limodzi, lodzaza nthawi zonse. Nthawi yozizira inagwira ntchito. Kutayamba kutentha inayamba kumazima yokha ndikaipatsa ntchito yaikulu. Ndinkangoyatsanso n'kumapitiriza, ndikuti ndidzaikonza ntchito ikachepa.

Mwezi wa Okutobala bambo ako anakajambula ukwati ku Itepela. Mkwatibwi anali Selestina, mwana wa bambo Anselmo, mlimi wa chimanga ndi fodya amene ankatsogoleranso mapemphero kumudzi kwawo. Bambo ako anabwera akudandaula kuti mkuluyo analankhula nthawi yaitali mpaka anthu kuyamba kuyang'ana kumiphika, ndipo pomaliza anamuimbira mwana wake nyimbo imene ankamuimbira ali wakhanda, ndi mawu osasa, anthu n'kumaseka ena akupukuta misozi. Zonsezo zinali pa khadi la kamera. M'mawa mwake bambo ako anali ndi nikaha, ukwati wachisilamu, ku Lúrio ndipo ankafuna khadi lomwelo. Masana amenewo dzuwa linali loswa mtengo, malata akulira. Ine ndinali kutulutsa vidiyo ya anthu ena, ndipo nthawi yomweyo ndinayamba kuchotsa mafayilo a ku Itepela pa khadi. Sindinakopere, ndinasamutsa, kuti khadi litsale loyera. Ili pakati pa ntchito ziwirizo, kompyuta inazima. Ndinaidikira kuti izizire, ndinayatsanso, ndinamaliza kusamutsa otsalawo. Ndinayang'ana pa disiko, mayina a mafayilo onse analipo. Sindinawatsegule limodzilimodzi. Ndinawapatsa bambo ako khadi, anapita nalo ku Lúrio n'kujambulapo ukwati wina pamwamba pake.

Patatha masiku awiri ndinapeza kuti mafayilo atatu sakutseguka. Awiri anali a anthu akudya. Lachitatu linali la bambo Anselmo. Ndikuuza zoona, sindinade nkhawa kwenikweni. Ndinati ndani amafuna kuonanso zolankhula zazitali, ndiphimba ndi magule ndi nyimbo, sazindikira. Ndisanamalize n'komwe kuikonza, tinamva kuti bambo Anselmo amwalira. Anadwala masiku ochepa chabe.

Maliro atatha Selestina anabwera ndi mwamuna wake, atavala zakuda, mapazi ali mbuu ndi fumbi la ulendo. Ndinamuikira vidiyo, inayamba ndi magule. Anaonera pang'ono n'kundigwira dzanja.

"Mayi, zovinazo zikhale kaye. Ndionetseni pamene bambo ankalankhula."

Ndinaganiza zomunamiza kuti sinathe, abwerenso mwezi wamawa. Koma ndinamuuza zonse momwe zinachitikira, kuti wolakwa ndine. Sanakalipe. Mwamuna wake ndi amene anaimirira, iye anamukoka malaya kuti akhale pansi. Anandifunsa ngati mwina mawu okha anatsala, ngakhale popanda chithunzi, chifukwa bambo ake analibe foni yojambula ndipo palibe paliponse pamene mawu awo anasungidwa. Ndinati palibe. Tinafufuza limodzi mafayilo onse otsala, mpaka tinapeza kachidutswa kamene mkuluyo akudutsa kumbuyo kwa keke akukonza jekete lake, osalankhula kanthu. Anandipempha kuti ndikabwereze. Ndinakabwereza mwina kakhumi. Kenaka anaimirira, anapinda maondo pang'ono n'kunena kuti, "Zikomo, mayi, mwayesetsa." Anandithokoza, Jafali. Akananditukwana bwenzi nditaiwala. Mpaka lero bambo ako akapeza ntchito ya ku Itepela ndimawauza kuti vidiyoyo akapereke okha.

Ndiye ukandiuza kuti pulaka ndi yabwino chifukwa ili ndi tinyali, udziwe chifukwa chake ndimatuluka m'chipinda. Ukalowa m'loja, uwauze aitulutse m'bokosi. Uyang'ane mozungulira soketi ngati pali zitsulo zochindikala mbali ziwiri, uinyamule umve kulemera kwake. Uwerenge mipata ya madisiko othamanga, aja ang'onoang'ono ngati chala amene amati M.2. Ikhale iwiri kapena itatu: disiko lina la mapulogalamu, lina la mavidiyo a anthu. Uyang'anenso kumbuyo kwake ngati kuli malo okwanira a USB othamanga, chifukwa tsiku lililonse uzibaya makhadi ndi madisiko akunja. Zonsezi zikakwana, pulaka yapakati ikukwanira, sindikuti ugule yodula kuposa zonse. Ndikuti usaike purosesa yabwino pa pulaka yosauka. Ndipo zinthu za anthu uzikopera, osasamutsa. Zikhale malo awiri, utsegule fayilo lililonse ulione ndi maso, kenaka ndiye ufufute khadi. Wojambula akakukakamiza kuti akuchedwa, achedwe. Ukwati umachitika kamodzi, ndipo sudziwa kuti mwa anthu ali mmenemo ndani akuoneka komaliza.

Ku Cuamba kumatentha kuposa kuno, ukudziwa, ndipo loja ya amalume ako ili m'mbali mwa msewu wa malole. Bokosi lagalasi kutsogolo lija mpweya ulowera kuti? Ugule la ukonde kutsogolo, lonyansa ngati langali, ndi choziziritsa purosesa chachikulu chooneka ngati nsanja, osati kafani kakang'ono kongobwera m'bokosi. Fumbi uzilipukuta mwezi ndi mwezi. Kompyuta isakhale pansi pa simenti, ikhale pa tebulo. Fonte, kabokosi kogawa magetsi kaja, usagule yopanda dzina yopepuka ngati chitini, chifukwa ikafa imapita ndi anzake. Ndipo usayatse kompyutayo ngakhale tsiku limodzi usanagule UPS, batire loigwirizira magetsi akazima, chifukwa magetsi akumeneko amachoka osatsanzika ngati akuno. Ndalama zikapanda kukwana zonsezi, khadi la zithunzi lidikire miyezi ingapo, purosesa yopanda F ija ikunyamula poyamba. Tinyali tidikire mpaka udzakwatire. Sindinaonepo vidiyo yotuluka msanga chifukwa bokosi likuthwanima. Lisiti ndi pepala la garantiya, lobwezera katundu akafa msanga, uziike m'pulasitiki, mabokosi usataye, amalume ako asawatenge kuikamo sopo.

Ndakukalipira masamba onsewa, ndiye ndinene ichi kamodzi, usadzandifunsenso. Ntchitoyi umaitha kuposa ine. Nikaha ya mwana wa azakhali ako ija unakonza chaka chatha, pamene ine ndikanaika mkwati akumwetulira iwe unasiya chithunzi pa manja a agogo ake a mkwatibwi akumukonza mpango, n'kuchisiya pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene ine ndikanalimbira mtima. Zimenezo sindinakuphunzitse. Chimene ulibe ndi mantha, chifukwa sunatayepo chinthu cha munthu.

Mwezi watha nditapita ku Cuamba ndinakuuza kuti ndikukaona akazi a amalume ako. Ndinawaona ndithu, koma ulendowo unali wa kwa dokotala wa maso. Diso lakumanzere latsala pang'ono kutha, m'mbali mwake muli mdima. Lakumanja likutsatira pang'onopang'ono. Anandipatsa mankhwala odontheza, anati achedwetsa koma sabweza chimene chapita. N'chifukwa chake zilembo za kalatayi ndi zikuluzikulu chonchi, si ukali ayi. N'chifukwa chakenso masiku ano ndimawaitana bambo ako kuti andiwerengere mayina a mafayilo, iwe n'kumaseka kuti tayamba chibwenzi chatsopano. Iwo akudziwa, ndinawaletsa kukuuza chifukwa ukanakana kupita, ndipo ine ndikufuna upite. Chaka chino ndimaliza ndekha, mwinanso chamawa, Mulungu akalola. Zikadzatha, bambo ako azidzajambulabe, koma makhadi a maukwati a ku Mandimba, a ku Massangulo ndi a ku Itepela azidzakwera shapa mu envulopu kubwera kwa iwe. Anthu amenewo amadziwa dzina langa, ndipo adzapereka zinthu zawo m'manja mwako chifukwa cha ine. Kompyuta ukukagulayo ndi imene idzawanyamule.

Usatsike m'shapa kuti ubwerere, ndikakuona pakhomo pano ndikuthamangitsa ndi tsache. Usandiimbirenso foni uli m'njira kuti tilire, ndili ndi ukwati wa Loweruka woti ndimalize. Udzandiimbire tsiku limene waima m'loja, mabokosi awiri ali patsogolo pako, ndalama zikadali m'thumba. Usalembe meseji, tizilembo ta pa foni sinditionanso bwino. Udzandiwerengere pakamwa zonse zolembedwa pa mabokosiwo, chilembo ndi chilembo, pang'onopang'ono, ndipo wogulitsayo adikire mpaka ine nditanena kuti lipira.

Uyende bwino, Mulungu akutsogolere. Usaiwale Swala, ndipo amalume ako uziwathandiza kutsegula loja m'mawa osadikira kuuzidwa.

Ndine mayi ako,
Asiyatu